Jekete la a Bryson

A Bryson Kalumbu a m'mudzi mwathu muno, kuseri kwa Dzoole, anatisiya Lachiwiri masana ali m'chigafa akusoka fodya. Anangoti mutu ukuwawa, n'kukhala pansi. Ng'ombe zisanamangidwe n'komwe pangolo kuti tithamangire nawo kuchipatala, anali atapita. Amene amaonera zoseketsa za pa TV akuti kwafa chitsiru cha ku Dowa. Asiyeni anene. Munthuyo sanamuonepo.

Fodya ankalima ngati wina aliyense. Chimene anthu ankawadziwira ndi udzukulu. Kwathu kuno maliro akagwa, achibale sagwira khasu. Manda amakumba ndi adzukulu, anthu a mudzi wa kutsidya kwa dambo, ndipo kukagwa zovuta kumeneko ndife timakakumba. Akamaliza kukumba, mdzukulu mmodzi amabwera pasiwa, n'kuvala chovala cha malemu, n'kuyamba kuyenda ngati iwowo, kuyankhula ngati iwowo, mpaka anamfedwa amene maso atupa aseke pang'ono. Ntchito imeneyi a Bryson anaigwira zaka zoposa makumi atatu.

Sankangoyamba chisawawa ayi. Ankayamba agwada kwa namfedwa kupempha chovalacho, dothi la kumanda lili m'manja. Munthu wamoyo sanamuyerekezepo ngakhale kamodzi, ankati wamoyo ali ndi miyendo yake, aziyenda yekha. Pomaliza ankakakhala pafupi ndi mayi wamasiye, n'kufunsa ndi mawu enieni a mwamuna wakeyo kuti, “Mwandiphikira chiyani?” Mayi uja ankaseka misozi ili chuchuchu, ndipo a Bryson sankachoka mpaka atamwa kapu ya thobwa. Alipo amayi ambiri kutsidyako amene anayambanso kudya chifukwa cha funso limenelo.

Zinaonongeka pa maliro a mphunzitsi wina wopuma, a Moffat. Wachibale wina wa m'tauni anakweza foni m'mwamba n'kujambula zonse. Sabata isanathe, a Bryson anali m'mafoni a anthu a ku Blantyre amene sadziwa kumene kuli Dzoole. Kenako kunatulukira munthu wina wa zisudzo za pa TV, amadzitcha Phwetekere. Bambo wamkulu bwinobwino, wamimba yake, dzina n'kukhala la ndiwo. Ameneyu anavala jekete long'ambika, n'kulimanga ndi luzi, mano n'kupaka makala, n'kumatsimphina ngati galu womenyedwa ndi njinga. Akuti ndi madala a ku Dowa abwera m'tauni. Madalawo amapatsa moni galasi la m'shopu, amavula nsapato pokwera minibasi, ndipo akaona mkazi aliyense amakuwa kuti “Mwandiphikira chiyani!” Kenako pamamveka anthu akuseka, koma anthuwo osaoneka. Ati kusekako amachita kuthira ndi makina. Nthabwala yake ndi yotani imene mpaka makina akusekereni?

Kutsimphinako a Bryson sanachite kukupeka. Ngolo ya manyowa inawaponda mwendo ali mnyamata, anagona miyezi inayi.

Woimba wina wa tsitsi lopaka utoto ngati ndevu za chimanga anatola mawu aja n'kupanga nyimbo. Nyimbo yonse mawu ndi awiri omwewo, kwinako ndi ng'oma za pa kompyuta ndi atsikana ogwedeza m'chiuno. Mawu opepesera amasiye anayamba kulira m'mabala a pa Mponela, oledzera akuvina ndi botolo pamutu.

A Faines, akazi a a Bryson, analipo tsiku limene anapita limodzi pa Mponela kukagula ziguduli zomangira fodya. Oitanira minibasi anawazindikira. “Madala aja ndi awa! Madala, tatsimphinani tione!” Mayi wina wogulitsa mandasi, wamkulu ndithu, anawagwira dzanja akuti ayankhule kamodzi kokha awajambule. A Bryson anasenza ziguduli zawo, n'kuyenda pang'onopang'ono kuti mwendo usaoneke.

Kuyambira pamenepo kukumba ankakumbabe, koma chovala cha malemu sanavalenso. Mwamuna wa a Maria atamwalira kutsidya, a Mariawo anachita kutulutsa okha malaya n'kuwapatsa. A Bryson anabweza ndi manja awiri. “Pepani mayi. Ndikavala, anthuwa aona za pa TV, saona amuna anu.” Zaka ziwiri zomaliza anali munthu wa phee, wongopita kumunda ndi kutchalitchi.

Ndiye Lachitatu m'mawa a Faines anali m'siwa, atatsamira khoma, m'kamwa musanalowe kanthu chimwalirireni amuna awo. Achemwali awo a Debora anayesa phala, anayesa tiyi, zonse zinazizira pansi. Maso a a Faines anali pa msomali wa kuseri kwa chitseko pamene panali jekete la a Bryson, lakhofi, la pakaunjika, batani limodzi lakuda losiyana ndi anzake. Munthu amene anaseketsa amasiye a mudzi wonse wa kutsidya, kodi apita popanda womuvalira jekete? Nanga wina akavala n'kuyamba kutsimphina, achinyamata n'kuyamba kuimba nyimbo ya kubala ija, si ndiye kuti aika m'manda chitsiru cha pa TV m'malo mwa amuna awo? Zimenezi ndi zimene zinkawaletsa kudya.

Dzuwa litakwera pang'ono kunamveka galimoto. Inaima pakati penipeni pa bwalo, pamene amayi a chigwirizano anayala mphasa zawo, nyimbo ija ikulira m'kati. Anatsika Phwetekere, nsapato zoyera, magalasi akuda, kumbuyo kwake woimba wa tsitsi la chimanga uja ndi bambo wina wonyamula kamera. Achinyamata anathamangira kukajambulitsa nawo, ena mpaka kuiwala kuti pali maliro. Phwetekere anapereka mapaketi a shuga kwa mkulu wa mpingo, kenako anawalandanso n'kuperekanso kachiwiri, ati poyamba kamera inali isanayake.

Anafika pakhomo la siwa n'kunjuta, osagwada, kuopa thalauza.

“Mami, pepani kwambiri. Madala aja anali munthu wathu. Pulogalamu yathu yafika patali chifukwa cha iwowa.”

Sanadikire yankho, anapitiriza.

“Ndiye tamva kuti kuno pali kamwambo kovala jekete la malemu. Tinati ulemu umenewu tiwapatse ndife. Ndivala ineyo, tijambula, Lamulungu dziko lonse liwaone komaliza. Mukudziwa palibe amene amawatha madala aja kuposa ine.”

A Debora anatsonya mokweza mpaka amayi ena anawagwira pa bondo. Koma panja ena anali atayamba kale kuvomereza. Mphwawo wa a Bryson weniweni analowetsa mutu pazenera. “Alamu, aloleni. Mudzi wathu uoneke nawo pa TV. Ndani winanso anaikidwapo ndi anthu otchuka kuno?”

A Faines anakonza mpango wawo. Mawu anatuluka osasa.

“Mwakumba?”

“Mami?”

“Ndikuti manda mwakumba? Tandionetsani manja.”

Phwetekere anatambasula manja akuseka, mphete ziwiri zikunyezimira.

“Amuna anga sanavalepo chovala cha munthu asanamukumbire. Jekete ilo lili apo, silithawa. Kakumbeni kaye, mubwere ndi dothi m'manja, mudzagwade mupemphe.”

Nthawi yomweyo n'kuti a Lazaro atafika kudzatenga nkhuku ndi ufa wa adzukulu. A Lazaro ndi mkulu wa adzukulu a kutsidya, mnzawo wa a Bryson chiyambire unyamata, munthu wowonda ngati mpini, wosapsatira mawu. Anamuyang'ana mlendoyo kuyambira kunsapato mpaka kumagalasi.

“Abwere, abwere, Mulungu watitumizira thirakitala. Dzenje likadali m'chiuno ndipo tapeza mwala. Koma chojambulira chanucho chitsale konkuno, kumanda kulibe wofuna kutchuka.”

Anthu anaseka, ndipo Phwetekere anaona ngati akusekera iye mokondwa. Anavula magalasi n'kupatsa woimba uja. “Mphindi khumi zokha,” anatero, n'kutsatira a Lazaro. Woimbayo anati akweze nyimbo yake m'galimoto kuti anthu asatope podikira. Amayi a chigwirizano sanakangane naye. Anangoimirira onse ndi mabulauzi awo oyera, n'kuyamba nyimbo ya m'buku, mawu onse anayi, mpaka kanyimbo ka makina kaja kanamveka ngati udzudzu. Anazimitsa yekha.

Amayi sapita kumanda pokumba, choncho a Faines sanaone zimene zinachitika kumeneko. Anangoona pazenera, ola lisanakwane, Phwetekere akubwera yekha m'kanjira ka m'chimanga, nsapato zija zasanduka zofiira, manja atawatambasula kutsogolo ngati wanyamula mbale yotentha. Sanayang'ane kusiwa. Analowa m'galimoto n'kukweza magalasi onse.

Masana adzukulu atamaliza, a Lazaro anafika pabwalo n'kufotokoza mokweza kuti ndi a m'galimoto omwe amve.

“Thirakitala yathu yamenya piki kasanu ndi kawiri, ndawerenga ndekha. Kenako yafunsa ngati tili ndi madzi a m'botolo. Tati chabwino bwana, piki yakukanani, lowani m'kachipinda ka m'mbali kogonekamo bokosi, mugone tione ngati a Bryson akwanemo. Eee! Munthu anatuluka m'dzenje ngati mbewa yaona utsi. Mwendo uja amatsimphina pa TV wachira lero!”

Kenako anasiya nthabwala. Analowa m'siwa, n'kugwada pamaso pa a Faines, n'kutambasula manja. Dothi lofiira linali m'zikhadabo, m'ming'alu ya zikhato, mpaka m'zigongono.

“Mayi, ndapempha jekete la mnzanga.”

A Faines anafuna kunena kuti chonde musatsimphine, koma mdzukulu sauzidwa chochita. Anangoloza msomali.

A Lazaro anatuluka nalo atavala, manja a jekete akulendewera chifukwa a Bryson anali ojintcha. Achinyamata anakweza mafoni, a Debora anatuluka n'kuwatsitsa mmodzimmodzi ndi chikho cha thobwa. A Lazaro anayenda mapazi atatu, n'kuima, n'kuika dzanja pachipumi kuyang'ana ku mapiri a Ntchisi.

“Ibwera iyi,” anatero ndi mawu a a Bryson. Kumwamba kunali mbee, kopanda ndi kamtambo komwe.

Anayendanso mapazi atatu, n'kuimanso. “Ibwera ndithu. Anuleni ufa.”

Akuluakulu ndi amene anayamba kuseka, kenako mudzi wonse. Ndi mmene a Bryson ankayendera moyo wawo wonse. Mwendo ukawawa sankafuna anthu adziwe, ankaima ngati akuyang'ana mvula, ngakhale mwezi wa Okutobala. Tonse tinkadziwa, ndipo palibe anawauzapo kuti tikudziwa. Wa pa TV uja anaona mwendo wokha. Kuima kuja sanakuone.

A Lazaro anazungulira bwalo, anasolola singano yosokera fodya pachipewa n'kutokosa nayo m'mano, anakalipira mbuzi imene panalibe, anauza mkulu wa mpingo kuti ulaliki wa Lamulungu unatalika ngati mzere wa feteleza. Pomaliza analowa m'siwa n'kukhala pansi pafupi ndi a Faines, mwendo umodzi atauwongola. Panja ena anayamba kunong'onezana mawu awiri aja, kudikira kuti awanene.

Sanawanene. A Lazaro ankadziwa kuti funso lija linali la amasiye a eni ake. Kunyumba kwawo a Bryson akachoka kumunda sankafunsa za mphika, ankafunsa za akazi awo, powaitana ndi mfunda wawo. A Lazaro anatsokomola kawiri, n'kuyang'ana kumbali ngati munthu wamanyazi.

“Nambewe, inu mwadya?”

A Faines anagwira pakamwa. Chinatuluka sichinali kuseka kokha kapena kulira kokha, zinatulukira limodzi, mpaka mapewa kugwedezeka. Anamenya a Lazaro paphewa, pa jekete pomwepo. “Chokani apa inu, mwandinyenga zaka makumi anayi ndi mvula yanu yabodzayo!” A Debora anabwera ndi kapu ya thobwa. A Lazaro sanasunthe mpaka a Faines anamwa yonse, n'kupempha ina.

Galimoto ija inanyamuka mwambo wa mapemphero usanayambe. Palibe anaiperekeza, ndi achinyamata omwe anali atatembenukira kusiwa. Inasiya mapaketi a shuga ndi mikwingwirima ya matayala pa mphasa ya amayi.

Tinawaika a Bryson dzuwa litapendeka, m'manda okumbidwa bwino, a makona owongoka, mmene iwo ankakumbira a anzawo. Lamulungu lotsatira akuti Phwetekere anaonekanso pa TV ndi jekete lake la luzi, akutsimphina, makina akumusekera. Amene anaonera pa Mponela akuti m'manja anali atamanga mabandeji.

Jekete lenileni a Faines anachapa, anasita, n'kutumiza kutsidya kwa a Lazaro. Limawakulira, koma amavala kutchalitchi Lamulungu lililonse, atapinda manja ake kawiri.