Chimbale Chomaliza cha Ba Kabungo

Ba Kabungo a ku Kitwe anali munthu wokonda mtendere, ndipo aliyense wotsutsa zimenezi ankamumenya.

Asanatsegule shopu ya zimbale kuseri kwa msika wa Chisokone, ankaswa miyala pansi pa mgodi wa kopa. Akuti tsiku limene anasiya ntchitoyo miyala inachita phwando. Dzanja lawo linali ngati fosholo. Masiku amenewo mwezi ukatha anyamata a kumgodi ankadzaza shopuyo mpaka pakhonde, kuvina ndi majombo. Womvera nyimbo mpaka kumapeto n'kunena kuti "ndidzagula mawa" ankabweradi mawalo, koma akutsimphina.

Kunabwera makaseti, Ba Kabungo anatukwana n'kuyamba kuwagulitsa. Kunabwera masidi, anatukwananso n'kuwagulitsa. Koma atabwera mafoni panalibenso chogulitsa, kunangotsala kutukwanako. Kuwonjezera chipongwe, khomo loyandikana nalo linali la Kapya wometa tsitsi, mlongo wa akazi awo weniweni, amene anagula kompyuta n'kumathira nyimbo m'mafoni a anthu ngati munkoyo m'makapu. Nyimbo zonse za m'shopu ya mlamu wake anali nazo, kupatula imodzi.

Imeneyo inali ya Ba Malasha, kagulu ka anyamata a kumgodi komwe kanajambula chimbale chimodzi chokha, chonena za mkazi amene anathawa ndi njinga ya mwamuna wake. Oyimbawo atakangana kuti mkaziyo anali wa ndani, anaswerana magitala pamutu, ndipo woyimba ng'oma anatentha zimbale zonse. Chinapulumuka chimodzi, ndipo chinkagona pansi pa pilo wa Ba Kabungo.

Loweruka lililonse masana ankachiyika pa galamafoni. Madala akale a kumgodi ankabwera ndi zifuwa zawo zolira ngati mvukuto, n'kukhala pa mabenchi. Pakhomo pankakhala ndowa yosiyamo mafoni. Wogwidwa akujambula mobisa, foni yake ankayigoneka pa chidutswa cha njanji, nyundo n'kugwa kuti phwa! Mtembo wake ankaukhomera pakhoma. Khomalo linadzaza mpaka ena ankalowa kudzafunsa ngati amakonza mafoni.

"Nyimbo imeneyi ikangolowa m'foni, pano adzabweranso ndani?" ankatero Ba Kabungo. "Ine ndidzakhala mlonda wa fumbi."

Kapya ankaifuna koopsa. Ulendo woyamba anabisa foni m'sokosi. Ba Kabungo anamugwira m'miyendo n'kumukutumula ngati thumba la makala mpaka foni, chipeso ndi chakudya cha m'mawa zonse zinagwa. Wachiwiri anaibisa m'kati mwa buledi. Ba Kabungo anaswa foniyo, kumudyetsa buledi yense popanda madzi, kenako anamubweza kwawo kudzera pakhoma. Chiboo chake chilipobe, anachiika katani.

Loweruka lotsatira Kapya anafika mutu wonse uli m'mabandeji, kungotsala maso ndi pakamwa. Anaponya yekha kafoni m'ndowa n'kugwada.

"Mulamu, ndalapa ine. Adokotala ati ndikangomenyedwanso kamodzi ndiyamba kulankhula chammbuyo."

"Ndiye ukufunanji kuno, nyani iwe?"

"Kungomvako ndi makutu, mukwai. Ndikhale pafupi ndi sipika, khutu linalo munalitseka ndinu."

Ba Chembo, mdala wopanda mano amene sankajomba, anaseka mpaka kutsokomola. "Muloleni, Ba Kabungo. Mutu umenewu wafanana ndi kabichi, ungasunge chiyani?"

Ba Kabungo anapukuta chimbale ndi mpango woyera, kuchiuzira, n'kutsitsa singano mwaulemu ngati akutsitsa maliro a mfumu. Gitala anayamba kulira. Madala anatsinzina. Kapya anasendeza mutu wake pasipika mpaka kutsamira. Woyimba anafika pamene mwamuna uja akutsatira mapazi a njinga pamsewu wa ku Ndola, ndipo pomwepo mutu wa Kapya unalira kuti tiii-tii!

Madala anatsegula maso.

"Mulamu," anatero Ba Kabungo mofatsa kwambiri, "mutu wako walandira uthenga."

"Ndi matendawa, mukwai. Umalira wokha."

"Kapya! Galu iwe! Ndikupha lero!"

Benchi inauluka. Madala anamwazika ngati nkhuku zaona kabawi, Ba Chembo n'kulowetsa mutu m'ndowa ya mafoni. Kapya anadumphira kukhomo, koma fosholo ija inamugwira pakhosi. Dzanja linalo linapapasa nyundo pathebulo osaipeza, ndiye linangotola chomwe chinali pafupi n'kuchitsitsa pamutu pa Kapya ndi mphamvu zonse za kumgodi.

Khwaa!

Tizidutswa takuda tinamwazika mpaka kwa amayi ogulitsa chikanda panja. Ba Kabungo anayang'ana m'dzanja lawo. Munatsala kapepala kapakati ndi kabowo kake. Galamafoni inkazungulira yopanda kanthu.

Ba Kabungo sanalire. Anayamba kumasula mabandeji, Kapya akuzungulira ngati nguli, mpaka foni inagwa pansi ili ndi magazi, ikujambulabe. Anaigoneka panjanji. Nyundo anaipeza n'kuikweza mpaka kudenga.

"Menyani, mulamu," anatero Kapya ali chagada, akulavula dzino. "Menyani ndithu. Koma Ba Malasha atsala mmenemo basi. Kwina kulikonse kulibe."

"Ba Kabungo, tagwira mwendo wanu!" anakuwa Ba Chembo ali m'ndowa. "Iphani mlamuyo, foniyo ayi!"

Nyundo inaima m'mwambamo. Munthu amene sanabwezepo dzanja chibadwire anayang'ana kafoniko, kenako kapepala ka chimbale, kenako kafoniko. Koma nyundo yokwezedwa kale siibwerera yopanda kanthu. Inatera pa chala chachikulu cha kuphazi kwa Kapya, ndipo kukuwa kwake akuti kunaimitsa ntchito kumgodi, anthu poyesa kuti ndi wezulo.

Foni inapulumuka. Sabata isanathe nyimboyo inali paliponse, m'maminibasi, m'mabala, m'maukwati. Imayenda bwinobwino mpaka pamsewu wa ku Ndola, kenako tiii-tii, kenako mawu ngati bingu: "Kapya! Galu iwe! Ndikupha lero!" Kenako khwaa, n'kutha. Achinyamata amati pamenepo ndiye pokoma. Amavina atagwira pamutu.

Madala anasiya kubwera, poti aliyense zidzukulu zinamuikira yake m'foni. Shopuyo anaitenga mayi wina wogulitsa zikwama za mafoni, ndipo njanji ija amatsekera chitseko.

Theka lotsala la nyimboyo lili m'mutu mwa Ba Kabungo okha, koma Mulungu anawapatsa mawu a chitseko cha dzimbiri. Tsiku lina ali m'minibasi ya ku Chamboli nyimboyo inalira. Itafika pamsewu wa ku Ndola iwo anatsinzina n'kuyamba kupitiriza okha, kuti anthu amveko mmene njinga inathera.

"Ba shikulu, agogo inu, takhalani chete!" anakalipa kondakitala. "Mukutisokoneza, pakubwera pa galu paja!"

Kondakitalayo akupezako bwino. Akuti dzulo wayamba kumwa phala.