Kadontho Kofiira pa Galasi Langa

Mlongo wanga Yamikani anabadwira kuno ku komboni ya Kanyama chaka chimene madzi a mvula analowa m'nyumba mpaka kuyandamitsa mphasa. Amayi ankati n'chifukwa chake sankakonda phokoso, analimva lokwanira tsiku loyamba lomwelo. Ine Hilda ndine wamkulu, ndipo pakamwa pa banja lonse anapatsa ine ndekha. Agogo athu anachokera ku Malawi kudzagwira ntchito kuno, natisiyira mayina, tchalitchi ndi kapoloti kamene ife awiri tinamangapo mashopu awiri ogundana. Yanga ndi saluni. Yake inali yoikira anthu mafilimu a zigawozigawo pa foni ndi pa fulashi. Pakati pathu panali pulayiwudi yokha, yoti munthu akayetsemula mbali ino, wa mbali inayo amamva.

Anzake a ntchito imeneyi amangokopera osaonera n'komwe. Yamikani ankaonera filimu iliyonse mpaka chigawo chomaliza, kenaka n'kuika kadontho ka kyuteksi wopaka m'zikhadabo pambali pa dzina lake, pa chipepala chimene anamata pakhoma. Kyuteksiyo anali wanga, mitundu itatu, ndipo tsiku lina ndinakamufunsa chimene ankandithera katundu.

"Ba sisi, onani," anatero akuloza chipepalacho. "Iyi ya yelo ni yokondweletsa chabe. Banthu bafuna kuona mwamuna wachosa shati, bamuchosa shati. Sibanama, bakupasani vamene mufuna. Iyi ya buluu ni ija yamene sibakamba. Babili bakondana, bonse bamuna olo bonse bakazi, koma kwamene banapangila filimu sibangakambe poyela, so bavibisa mu maso na mu manja. Wamene aziba, aona."

"Nanga yofiirayi?"

"Iyo ni nyambo. Bakuonesani monga aba babili bazakondana, pa chithunzi babaika pafupi-pafupi, kuti banthu monga..." Anatembenukira ku kompyuta. "Kuti banthu benangu bapitilize kuonela. Pa last bamupasa mkazi wamene sitinamuonepo, ati banali ma friends chabe. Wa buluu ayopa. Wa red sayopa, agulisa chabe."

Ndinamva pamene mawu anadukira paja. Sindine chitsiru ine. Ndinkaona kuti Kalaba, mnyamata wowotcherera mageti wa kumsika, ankabwera masana alionse ndi chakudya cha anthu awiri. Madzi akasefukira ankathamangira kudzakweza kompyuta ya Yamikani pamwamba asanakaone za kunyumba kwake. Zinthu zotere kuno sizitchulidwa, munthu angathe kumenyedwa kapena kutengedwa ndi apolisi. Ndinamugwira mlongo wanga paphewa n'kunena kuti, "Iwe Yami, ine ndine sisi wako. Chilichonse, nili na iwe." Ndinanena bwino kwambiri moti ndinadzisirira ndekha.

Tsono kuluka tsitsi kumatenga maola asanu, ndipo mutu wa munthu sukhala phee popanda nkhani. Ndinazindikira kuti nkhani ya awiriwa imawagwira azimayi kuposa ina iliyonse. Kalaba akamadutsa ndi kontena yake ya chakudya, ine ndinkatsinzinira makasitomala n'kunong'ona kuti, "Ba mulamu bafika." Kuseka kwake! Sindinkanena chenicheni ayi. Ndinkangoponya kachidutswa n'kusiyira pomwepo, kuti sabata yamawa abwerenso kudzamva. Ena ankachita kukwera basi kuchokera ku Chawama, kusiya masaluni khumi panjira.

Yamikani atandifunsa za kusekako, ndinamuuza kuti, "Nibazoloweza pang'ono-pang'ono, siku lina sibazadabwa." Anandikhulupirira, ndipo apa m'pamene pamandiwawa kwambiri. Munthu amene ankayenda ngati akupepesa nthaka anayamba kuseka mokweza. Benchi imene ankadyerapo m'kati anaitulutsa panja, iye ndi Kalaba n'kumadya anthu akuona, poganiza kuti kuseri kwa pulayiwudi kuli munthu wawo.

Loweruka lina m'mawa saluni itadzaza, kunabwera ba Sophia, mtsogoleri wa azimayi kutchalitchi kwathu. Ndinali nditangowalekanitsa tsitsi pamene anandiyang'ana kudzera pagalasi.

"Hilda, tisiye voseka," anatero. "Mufana wako na uja wa ma gate, ni zoona? Ngati ni zoona tizibe, tileke kubwela pano."

Azimayi onse anatembenukira kwa ine. Ndikanatha kunena kuti za mlongo wanga si zawo. Ndikanatha ngakhale kukhala chete, chipeso chili m'manja, n'kumapitiriza ntchito. Koma pakamwa paja, pamene ndimanyadira, panathamanga.

"Ba Sophia, naimwe! Ni voseka chabe, ni ma friends. Yami ali na mkazi ku Chipata, tizamubwelesa manje-manje. Sembe ni zoona, nikanamuchosa kudala pa plot ya agogo."

Azimayi anapuma, kuseka kunabwerera. Kuseri kwa pulayiwudi, filimu imene inkamveka chiyambire m'mawa inazima.

Yamikani sanandikalipire. Akanandikalipira bwenzi ndikumuyankha, chifukwa mkangano ndi munda wanga. Lachitatu lake Kalaba anabwera ndi wilibala, anakwezamo kompyuta, benchi ija ndi matumba awiri a zovala. Yamikani anamatula chipepala chake pakhoma mosamala, nachipinda kanayi. Ine ndinali ndi mutu wa munthu m'manja, ndipo ndinanamizira kuti sindingausiye.

Panopa amakhala ku komboni ya Kuku, amakonza mafoni. Za mafilimu anasiya. Ndapitako kawiri. Amandipatsa mpando, amanditumizira chakumwa chozizira, amafunsa za ana. Koma amanditcha ba Hilda, monga amatchulira kasitomala aliyense, ndipo mawu akuti ba sisi sindinawamvenso. Za Kalaba sindifunsa, ndipo iye sandiuza. Ndikanakhala kuti ndinangochita mantha, ndikudziwa akanandikhululukira, pakuti mantha amawadziwa kuyambira ali mwana. Koma ine ndinamulonjeza kuseri, ndinamugulitsa poyera, ndipo pomaliza ndinamupatsa mkazi amene palibe anamuonapo.

Tsiku limene anasamuka, makasitomala atapita, ndinapeza mabotolo anga atatu a kyuteksi atabwezedwa pashelefu, atatsekedwa bwinobwino. Pakona ya galasi lalikulu, pamene ndimayang'ana ndikamaluka, panali kadontho kamodzi kofiira. Mankhwala ochotsera kyuteksi ndili nawo botolo lathunthu, koma zaka zitatu zatha sindinakapukute.

Mwezi watha ba Sophia anakaona. Anakakanda ndi chala n'kufunsa kuti n'chiyani. Ndinatsegula pakamwa, ndipo ndinadzimva ndikunena kuti ndi kyuteksi chabe, anangodontha.