Chilombo Chimene Dyna Sankachitchula

Lenifa anamuona koyamba Dyna pa siteshoni ya Takoma ku America, m'mawa wina wozizira m'chaka cha 2005, anthu akudikira sitima ya Metro. Wapolisi anatulukira atagwira galu, monga zinkachitikira masiku amenewo, ndipo mayi wina wamfupi wovala jekete lalikulu lachimuna anangouma pomwe anaima, maso pansi, manja m'mbali. Galu uja atapitirira, mayiyo anatulutsa mpweya n'kunena motsitsa mawu kuti, "Chadutsa." Lenifa, amene chimwalirire mwamuna wake sankayamba ndiye kulankhula ndi munthu, anangozindikira atapereka moni m'Chichewa.

Nyengo yozizira isanathe, awiriwa anali akukhala limodzi m'chipinda chapansi cha nyumba ina yakale ku Takoma Park. Lenifa sankafunsa mafunso, choncho Dyna ankamuuza zambiri.

Dyna anabadwira m'mudzi wina woyandikana ndi nkhalango ya nyama ya Nkhotakota. Munda wa bambo ake unkathera pomwe tchire la boma linkayambira, ndipo ali mtsikana ankathandiza kulondera chimanga kuti nguluwe ndi njovu zisachimalize. Kumeneko anaphunzira kuti nyama yoopsa satchula dzina lake, chifukwa ukaitchula imamva ndipo imabwera. Anthu ankangoti chilombo. Atakula anagwirako ntchito yosamalira odwala ku Lilongwe, kenako anabwera ku America paukwati wa mwana wa azakhali ake. Viza yake inali yongocheza. Inatha, iye anatsala. Aliyense kutchalitchi ankadziwa kuti munthu wotere akagwidwa amamubweza kwawo, ndipo ngakhale atatuluka yekha m'dzikomo, salowanso kwa zaka zambiri. Koma Lenifa sanamvepo Dyna akutchula mawu akuti mapepala kapena a imigireshoni. Nkhani yonseyo ankaitchula kuti chilombo.

Ntchito yake inali ku Germantown, kusamalira Bibi Shamim, mayi wokalamba wachimwenye wobadwira ku Limbe. Chingerezi chinali chikuwathawa Bibi ndi ukalamba, koma Chichewa cha m'sitolo ya bambo awo chinatsala chonse, ndi nthabwala zake zomwe. N'chifukwa chake mwana wawo, a Taufiq, amene ankagwira ntchito pa ofesi ina yaikulu ku Foggy Bottom, anafuna Mmalawi. Za mapepala sanafunse, poti amene anabweretsa Dyna anali munthu wodziwika. Koma Dyna anawamvapo akusimba pafoni za mnzawo amene anavutika kwambiri kuntchito atapezeka kuti analemba munthu wopanda chilolezo, ndipo mawu amenewo sanamuchoke m'mutu.

Chaka chotsatira, masamba atayamba kufiira, a Taufiq analengeza kuti patchuthi cha Disembala banja lonse lipita ku India. Bibi anali asanaoneko dziko la makolo awo. Akafika, akayenda m'nkhalango ina ya boma yotetezera akambuku akumeneko, aja aakulu amizeremizere, atakwera galimoto yopanda denga. Popeza Bibi sankalola munthu wina kuwasambitsa, Dyna anayenera kupita nawo. Atamufunsa, iye anawerama pang'ono n'kuyankha kuti, "Chabwino, bwana." Kwawo munthu sakanira wamkulu pamaso, ndipo chabwino wake ankangotanthauza kuti wamva. A Taufiq anamva kuti wavomera, ndipo anagula tikiti.

Madzulo ake Dyna sanadye. Anakhala pabedi jekete lili m'thupi, akuuza Lenifa kuti akangokwera ndege ija ndiye kuti America wamusiya, ndipo akanena chifukwa chenicheni ndiye kuti wadziulula kwa munthu amene ali ndi zake zoti ateteze. M'mawa anapita kukayesa kukana. Pakamwa panatuluka mawu amene anawazolowera: anati sangapite chifukwa akuopa chilombo.

Nyumba yonse inaseka. "Iwe mwana wa ku Nkhotakota, ukuopa mphaka?" anatero Bibi. "Ukakhale kumbuyo kwanga, ayambe kudya ine. Akatopa ndi mafupa." A Taufiq analongosola moleza mtima kuti akambuku aja anazolowera magalimoto, kuti pamakhala alonda, kuti alendo amapita chaka ndi chaka n'kubwerako. Dyna anaona kuti bodza labwera lokha, ndipo analigwiritsa. Akamuonetsa chithunzi cha kambuku ankatseka maso. Akamufunsa za ulendo ankagwira pamtima.

Mantha enieni ankawaona Lenifa kunyumba. Foni ikalira Dyna ankayang'ana nambala nthawi yaitali asanayankhe. Galimoto ikaima kunja ankasuzumira pakawindo kakang'ono koyang'ana mumsewu, komwe kankangoonetsa nsapato za anthu odutsa, n'kumaziwerenga nsapatozo ngati mapazi a nyama pamatope. Siketi yake yakutchalitchi inayamba kuzungulira m'chiuno.

A Taufiq anali munthu wachifundo, ndipo chifundo chawocho n'chomwe chinatseka njira. Anaganiza kuti mantha amatha munthu akachiona chinthu, choncho Loweruka lina anatenga Bibi ndi Dyna kupita kumalo osungirako nyama mumzinda wa Washington. Dyna anapempha Lenifa kuti apite nawo, ati akathandize kukankha mpando wamatayala wa Bibi pachitunda.

Poyamba kambuku sanaoneke. Panali udzu, miyala ndi dzenje lamadzi lolekanitsa iye ndi anthu. Kenako chimene Lenifa ankayesa mthunzi chinadzuka. Chinali chachitali kuposa mmene zithunzi zinkaonetsera, ndipo chinatsika pamiyala popanda ndi phokoso lomwe. Chitafika m'mphepete mwa madzi chinabangula kamodzi, mawu otsika amene Lenifa anawamva m'mimba asanawamve m'makutu. Anagwira mpanda wachitsulo ndi manja onse.

Dyna yekha ndiye sanasunthe. Anali atawerama pafupi ndi khutu la Bibi, nkhope itawala mmene Lenifa anali asanaionerepo, akuloza ndi mlomo. Ankawauza kuti aone mmene chikupondera, phazi lakumbuyo kugwa ndendende pomwe lachoka lakutsogolo, ngati kambuku wakwawo wamawanga. Anati chakhuta chimenecho, mchira ukunena. Kwa kanthawi anali kumunda kwa bambo ake, ndipo anaiwala kuti anayenera kuchita mantha.

A Taufiq anaomba m'manja mokondwa. "Mwaona, Amayi? Wachira. Dyna, Lolemba ubwere ndi pasipoti yako, tikakufunsire viza ya ku India."

Dyna anati chabwino. Akukwera chitunda kubwerera kugalimoto, manja ake anayamba kunjenjemera pa zogwirira za mpando mpaka Lenifa anamulandira. Bibi anatembenuza mutu n'kumuyang'ana nthawi yaitali.

"Mwanawe, ukunjenjemera tsopano, titachoka kale?"

Dyna anati ndi kuzizira. Njira yonse yobwerera Bibi sanachitenso nthabwala.

Lamlungu atatuluka m'tchalitchi, Dyna analankhula ndi bambo wina amene ankabwerera ku Indiana, dera lina lakutali la America, komwe kunali Amalawi ambiri ndi nyumba zosungira okalamba. M'galimoto mwake munali malo. Lenifa anaima pakhomo la chipinda akumuona akupinda zovala, ndipo anachita chinthu chimene sankachita: anatsutsa. Anati a Taufiq si munthu woipa, mwina atauzidwa angopeza wina wopita naye, ntchito n'kukhalapobe. Anati Bibi aona kale kanthu ndipo sanaulule. Dyna anavomera kuti mwina n'zoona. Koma anati munthu wabwino akachita mantha sudziwa chimene achite, ndipo iye analibe malo olakwitsira ngakhale kamodzi. Akadikira Lolemba, adzaima pamaso pa a Taufiq chimanjamanja, ndipo pamenepo sipadzakhalanso kambuku wobisalirako.

Anasiyira Lenifa bulangete, mapoto ndi wailesi. Foni anaizimitsa n'kuiika m'thumba. Kunja dzuwa linali likadalipo, ana a eni nyumba akusewera pamasamba ogwa. Lenifa ananyamula chikwama chimodzi mpaka pamsewu, akudziwa kuti mawa lake foni ya kunyumba idzalira kuchokera ku Germantown, ndipo woyankha adzakhala iye.

Dyna atakhala kale m'galimoto anatsitsa galasi.

"Achemwali, bwana akafunsa, simukudziwa komwe ndapita. Koma akaimba Bibi eni ake, muwauze kuti sindinathawe iwo."