Nkhosa Yobadwira m'Fakitale

Pa sitolo ya ulusi, yopanikizika pakati pa wosoka nsapato ndi wometa, mayi wina wogulitsa ankawatcha a Mphuno. Dzinali linadza chifukwa mpukutu uliwonse ukafika, mayiwa ankayamba aununkhiza, kenako n'kuukhudzitsa pakhosi. Woyabwa ankati ndi wa juzi yovala pamwamba, wofewa wa khanda. Wofuna kuluka masokosi ndi thonje ankamuletsa, ati silibwerera likatamuka. Anagwira pamenepo zaka makumi atatu. Kuluka kwenikweniko anasiya kale, nyamakazi itawapinda zala.

Mwini sitolo atamwalira, inatsala m'manja mwa mwana wake, yemwe a Mphuno anamuona akukwawa pansi pa kauntala. Iyeyu anayamba kuoda katundu kwina. Tsiku lina kunafika makatoni a ulusi wonyezimira, papepala atalemba kuti ndi ubweya weniweni wa nkhosa. A Mphuno ananunkhiza. Fungo linali la katoni basi.

"Achimwene, nkhosa yake ndi iti imeneyi? Yobadwira m'fakitale?"

"Inu amayi, ingogulitsani. Pepala lanena kale."

Masana kunalowa namwino akadali mu yunifomu. Ankafuna kulukira bambo ake juzi. Mkuluyo, chidwalireni, ankangokhalira kuwotha mbaula, ndipo dzanja limodzi silinkamva kanthu. Namwinoyo anatola mipukutu yatsopano ija, yobiriwira bwino.

A Mphuno anausa moyo. Anadula kachidutswa ka ulusi watsopanowo, n'kukayatsa ndi machesi pa sosala. Kanasungunuka, kananunkha pulasitiki, n'kuuma gwa ngati kamkanda kakuda. Anadulanso ku mpukutu wakale. Aka kananunkha tsitsi lopsa, kanazima kokha, phulusa lake lofikisika ndi chala.

"Mwaona, mwanangu? Kathethe ka moto kakagwera pa watsopanowu, uwamatirira pakhungu bambo anuwo, iwo osamva n'komwe."

Namwino anatenga mipukutu isanu yakale yomwe inatsala, yotuwa, mtundu umene sanaukonde. Mwini sitolo watsopano uja anaonerera zonse.

M'mawa mwake anawasamutsira a Mphuno kuchipinda chakumbuyo, kopanda zenera, kuti azisanja makatoni. Sanakangane naye. Mawu a makasitomala ankawamva kudzera m'khoma lamatabwa, wina akufunsa ngati juzi yaubweya imachapidwa ndi madzi otentha, mwini sitolo n'kuvomera. Poyamba ankakhosomola dala. Kenako analeka.

Patatha miyezi iwiri a Mphuno anasiya ntchito. Anapachika kiyi pa msomali, natenga kapu yawo ndi nsapato zosinthira. Mwana wawo wamkazi anabwera kudzawatenga. M'basi anawafunsa ngati akumva chisoni.

"Chisoni chimafuna mphamvu, iwe," anatero a Mphuno, akutsamira pampando. "Tatseka zeneralo, mphepo ikundilowa m'khutu."