Tsiku Limene Ndinakatenga Mbendera ku Hositelo

Nditafika ku Joni chapakati pa zaka za m'ma 1980, ndinapeza amuna anga ali ndi abale ena amene anali asanandiuzepo. Ine ndinachoka ku Thyolo ndikungodziwa kuti anapita ku migodi, ndipo kuti boma la kwathu litaletsa maulendo a ku migodi, anzawo anabwerera koma iwo anatsalira, n'kupeza ntchito yowongola magalimoto ophwanyika m'garaja ina ku Jeppestown. Za mpira sanatchulepo. Koma nditangolowa m'kachipinda kawo ka lendi kuseri kwa garajayo, ndinaona pakhoma chisoti cha mumgodi chopentedwa zakuda ndi zoyera, chodulidwadulidwa mpaka kumera nyanga.

"Bambo, kodi munalowa gule wanji kuno?" ndinafunsa.

Anaseka mpaka kutsokomola. "Ndi timu yathu imeneyo, mayi. Muizolowera."

Abale aja anali masapota anzawo. Anali ndi nthambi yawo, ndipo ankakumana Lamlungu lililonse m'mawa pabwalo la garaja, atakhala pamatayala akale. Ena anali Azulu okhala mu hositelo yaikulu ya amuna okhaokha pafupi ndi siteshoni. Ena anali Asuthu ndi Akhosa ochokera ku Soweto pa sitima. Wa ku Malawi anali amuna anga okha, ndipo onse ankangowaitana kuti Mnyasa, mopanda chipongwe. Ine ndinkawaphikira tiyi m'ndowa, ndikumamvetsera. Za mpira zinkatha msanga. Nthawi yambiri inkapita pa nkhani za amene wachotsedwa ntchito, amene wagonekedwa m'chipatala, amene mwana wake wamangidwa. Wina wa iwo akamwalira, ankaphimba bokosi lake ndi mbendera yaikulu ya timu, n'kumuperekeza ndi nyimbo mpaka kumanda.

Mbenderayo inkasungidwa ndi wapampando wawo, mdala wachizulu wa imvi, mlonda pa fakitale ina ya mipando. Ankakhala mu hositelo muja. Ineyo ankanditcha makoti, ndiko kuti mtengwa wa pakhomo pawo, ndipo akabwera kwathu sankalowa asanavule chipewa.

Amuna anga ankafotokoza mbiri ya timuyo ngati akufotokoza za makolo awo: momwe inayambira ndi anyamata osewera opanda nsapato m'fumbi la ku lokesheni, zaka zomwe inatsala pang'ono kutha, ndi momwe katswiri wake wina anachokera n'kukayambitsa timu ina yovala zachikasu, natenga theka la masapota. Akafika pamenepo nkhope inkasintha, ngati zinachitika dzulo.

"Koma inu ndinu wa ku Thyolo," ndinawauza tsiku lina. "Zikukukhudzani pati?"

Anayankha kuti, "Ku mgodi ankandiitana ndi nambala. Pamsewu wapolisi amandifunsa chitupa. Koma ndikavala jezi iyi, munthu amandifunsa kuti Loweruka pagolo paima ndani. Ndi malo okhawo kuno amene sandifunsa kwathu."

Ndinawamvetsa, chifukwa ine mapepala anga sanali olongosoka. Ndinkachapa ndi kusita kwa azungu ena ku Yeoville, ndipo galimoto ya apolisi ikangodutsa, ndinkabisala.

Zinthu zinasintha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Kunabuka nkhondo pakati pa amuna a m'mahositelo ndi anthu a m'malokesheni. Akuti zinali za zipani, koma ife tinkangoona mitembo. Anthu ankabayidwa m'sitima, ena kuponyedwa kunja sitima ili pa liwiro. Munthu ankafa chifukwa cha chinenero chimene wayankhira moni. Masapota a ku Soweto anayamba kuopa kutsikira pa siteshoni ya kwathu, ndipo anasiya kubwera. A ku hositelo nawo anasiya. Amuna anga ankakonzabe matayala Lamlungu m'mawa, n'kukhala okha ndi wayilesi, akutsokomola. Fumbi la mumgodi linali litawadya m'chifuwa kalekale.

Ali m'chipatala anandigwira dzanja. "Musavutike kunditengera ku Thyolo, mayi. Ndi kutali. Koma mbendera ikhale pabokosi."

Anamwalira m'nyengo yozizira. Anthu a kwathu a mumpingo wathu wa ku Yeoville ndi amene anakonza zonse, ndipo malo anapezeka kumanda a ku Soweto. Mlembi wa nthambi ija, Msuthu woyendetsa takisi, minibasi yonyamula anthu, anabwera kudzandipepesa. Nditamufunsa za mbendera anayang'ana pansi.

"Ili kwa mdala, ku hositelo. Mama, ine ndikalowa mmene muja ndituluka m'bokosi."

Akuluakulu a mpingo anandiuza kuti ndizisiye. Nsalu ndi nsalu, anatero, womwalira saona. Ndinawavomera pakamwa. Koma kutacha ndinamanga duku lakuda, ndinavala jezi ya amuna anga pamwamba pa diresi, n'kuuyamba wapansi osauza munthu.

Kuchokera pagaraja kukafika ku hositelo sipatali, koma tsiku limenelo msewu unatalika. Mashopu ambiri anali otseka ngakhale dzuwa linali litakwera. Pakona panali galimoto yopsa imene palibe anaichotsa. Chigalimoto cha asilikali chinadutsa pang'onopang'ono, ndipo kwa nthawi yoyamba sindinadziwe kuti ndiope ndani kwambiri, iwo kapena kumene ndinkapita. Mayi wina wogulitsa malalanje anandiyang'ana, nayang'ana kumene ndalunjika, n'kupukusa mutu.

Pageti panali amuna ambiri atamanga nsalu zofiira kumutu, ali ndi zibonga ndi nthungo. Mnyamata wina wamtali anandiima kutsogolo.

"Ufunani lapha?" anatero, kundifunsa chimene ndikufuna.

Chizulu changa chinali cha kukhitchini, chothyokathyoka, ndipo ndinkadziwa kuti lilime langa likhoza kundiphetsa. Ndinagwada monga timachitira kwathu, n'kutchula dzina la mdala uja.

"Ndiwe mtundu wanji?"

"Ndine wa ku Malawi. Amuna anga amwalira. Ndabwera kudzauza abambo awo a mpira."

Anakoka jezi ija ndi nsonga ya chibonga. "Wakutuma ndani? A ku Soweto amatuma akazi kuti adzatiwerenge. Ukuganiza kuti sitidziwa?"

Ndinakana. Anandiuza kuti ndikhale pansi m'mbali mwa khoma, ndipo wina analowa mkati. Ndinakhala pasimenti yozizira. Mawindo a nyumbayo ambiri anali osweka, otsekedwa ndi makatoni. Chapafupi nane bambo wina ankanola chitsulo pasimenti, osandiyang'ana n'komwe, ndipo phokoso lake linkandilowa m'mano. Ndinayamba kuganiza kuti mwina mdalayo anapita kwawo, mwina anafa, ndipo ndatchula dzina la munthu amene anzake anamuda. Ndinaganizanso za thupi la amuna anga lili kumalo osungira maliro, ndi kuti ndikapanda kubwerera palibe akudziwa kumene angandifune.

Wina mwa iwo, amene pansi pa nsalu yofiira anavala chipewa chachikasu cha timu ina ija, anandiloza. "Timu imeneyo inafa kale, mama. Mwabwera kudzalira iyo?" Anzake anaseka. Sindinadziwe ngati kuseka kumeneko kunali kondipulumutsa kapena ayi, choncho ndinangoweramitsa mutu.

Mdala uja atatuluka ndinatsala pang'ono kusamuzindikira. Anali ataonda, nsalu yofiira ili m'khosi, chibonga chili m'manja ngati ena onse. Anayang'ana jezi asanayang'ane nkhope yanga.

"Makoti," anatero. "Mnyasa wapita?"

Pamenepo ndinalira, kulira kumene ndinali nditakugwira kuyambira kuchipatala. Iye anavula chipewa, naika chibonga pansi. Anatembenukira kwa anyamata aja n'kuwalankhula mawu ochepa okalipa, ndipo wonola chitsulo uja analeka. Kenako analowa mkati, nabwerako ndi mbendera itapindidwa m'thumba la ufa.

"Kumanda sindingafike," anandiuza akundiperekeza mpaka pakona. "Akandiona kumeneko, maliro sakhala amodzi. Ndipo a muno akamva kuti ndinapita, adzandifunsa bwino." Kenako anafunsa, "Thupi linyamuka nthawi yanji Loweruka? Mudzera msewu uti?"

Ndinamuuza. Anagwedeza mutu, nabwerera.

Ndili m'njira, thumba lili pamutu, m'pamene zinandifikira. Ndinali nditauza munthu wa mu hositelo nthawi ndi msewu umene anthu a ku Soweto adzadutse atadzaza m'magalimoto. Ndinakhala pakhonde la shopu yotseka mpaka mtima utabwerera m'malo.

Madzulo ake ndinamuuza mlembi uja zonse. Anagwira mbendera, naifunyulula pang'ono, n'kuipindanso. Nkhope yake inali itagwa.

"Mdala ameneyo ndayenda naye pa basi zaka zambiri kutsatira timu," anatero. "Mwana wanga woyamba atamwalira, ndi iye ananyamula bokosi. Koma masiku ano, mama, sindidziwa munthu. Ngakhale iye atakhala wabwino, makoma a mmene muja ali ndi makutu."

Tinafunsa ngati tingasinthe njira, koma thupi linali ku Jeppestown komweko, ndipo woyendetsa galimoto ya maliro anati njira yotulukira ku msewu waukulu ndi ya pansi pa mlatho wa sitima basi, ina inali itatsekedwa ndi asilikali. Masapota ena a ku Soweto atamva anati akatidikira kumanda. Ochepa okha ndi amene anabwera kudzanyamula thupi. Masiku otsalawo chakudya sichinkatsika. Azimayi a mpingo ankaganiza kuti ndi chisoni chokha.

Loweruka tinaphimba bokosi ndi mbendera. Inali yaikulu moti inalendewera mbali zonse, yothimbirira m'makona chifukwa cha maliro ambiri amene inayendapo. Ine ndinakwera takisi ya mlembi, kumbuyo kwenikweni kwa galimoto ya maliro. Munalibe woyimba. Mlembi ankayendetsa ndi manja onse awiri, maso ali uku ndi uku.

Titayandikira mlatho, mayi wina anakuwa, "Taonani uko!" Pakona panali gulu la amuna ataima m'mbali mwa msewu. Galimoto ya maliro inachepetsa liwiro. Azimayi anagwetsa mitu pamaondo, wina anayamba kupemphera mokweza. Ine ndinalephera ngakhale kuwerama. Ndinangoti mumtima, ndawaphetsa anthu awa.

Kenako ndinaona zakuda ndi zoyera. Anali mdala uja ndi anzake angapo a nthambi a mu hositelo, atavala majezi, opanda nsalu yofiira, opanda chibonga, zipewa zili pachifuwa. Ankayimba nyimbo imene nthambi inkaperekezera anthu ake, ndi mawu okhuthala aja a amuna achizulu. Chakumbuyo kwawo, patali pang'ono, panaima anyamata ena ndi zibonga, akungoyang'ana. Sindinadziwe ngati abwera kudzawateteza kapena kudzaona amene wayimba.

Mlembi sanaime. Palibe akanaima. Koma anatsitsa galasi, natulutsa mkono, n'kuwaonetsa chizindikiro cha timu chimene ankapatsana moni nacho. Mdala uja anakweza chipewa. Amuna awiri a ku Soweto amene anali kumbuyo kwanga anayamba kuyimba nawo chapansipansi, ndipo anapitiriza ife titalowa kale mu msewu waukulu. Mlembi ankapukuta maso ndi phewa, manja osachotsa pa chiwongolero.

Kumanda kunali bata. Tisanatsitse bokosi anachotsa mbendera, naipinda, n'kuyang'anana. Panalibe woti akaibweze kumene inachokera. Mapeto ake anandipatsa ine, ngakhale kuti mpaka nthawi imeneyo ndinali ndisanapondepo m'bwalo la mpira. Inakhala pansi pa matiresi anga, ndipo miyezi yotsatira anthu ankabwera kudzaibwereka, a ku Soweto masana, a ku hositelo potumiza mkazi wogulitsa pamsika. Inkapita kawirikawiri kuposa kale. Ikabwera ndinkaichapa, n'kuiyanika m'nyumba kuti anthu asaione.

Mdala uja sindinamuonenso. Ndinafunsa mayi wa pamsika uja, anati sakudziwa, ndipo anayankha mofulumira kwambiri. Ndisanabwerere ku Thyolo ndinasiya mbendera kwa mlembi, kenako ndinapita ku fakitale ya mipando ija. Pageti ndinapeza mlonda wina wachinyamata. Anati iye anayamba ntchito posachedwa, ndipo za mdala amene analipo kale, ena amati anapita kwawo ku Natal, ena amanena zina. Ndinamufunsa kuti zina ziti. Anayang'ana kumsewu, nati ndisaime nthawi yaitali pageti.