Kaseti Yothera pa Siteshoni

Ndikukumbukira kaseti yakuda imene inkakhala pamwamba pa kabati kwa agogo anga aamuna ku Nkulumane, yofunditsidwa kansalu koluka kuopa fumbi. Munali kanema wakale wa azungu, wa nyimbo zokhazokha. Anthu ake ankati akayankhulana pang'ono, basi ayamba kuimba ndi kuvina pamsewu, wapolisi ndi wogulitsa buledi omwe. Chingerezi sindinkachimva bwino, koma nkhani ndinkaitsata. Mtsikana wosoka zovala, wa mpango wachikasu, ankalera kamlongo kake kakang'ono, kenako anapeza ntchito kumzinda wakutali.

Vuto linali limodzi. Mtsikanayo akangokwera sitima, kamwana kaja katatsala pa siteshoni, chithunzi chinkanjenjemera n'kutulukira mpira. Amalume anga, dzina lawo Joni, ndiwo anajambulirapo mpirawo ndisanabadwe, ndipo mathero a kanemayo sindinawaonepo.

Chaka china, ndili giredi thu, amayi anga anapita ku Egoli, mzinda waukulu wa kunja kwa dziko lathu, kukagwira ntchito ya m'nyumba. Miyezi inadutsa. Ana a pamzere wa nyumba zathu ankati opita ku Egoli amaiwala kwawo. Ine ndinali wamanyazi kwambiri, kufunsa wamkulu sindikanatha. M'malo mwake, Lamlungu lililonse tikachoka kutchalitchi ndinkaloza kaseti ija. Ndinkakhala pansi pafupi ndi wailesi ya kanema, polishi wofiira akununkhira, miyendo ikuzizidwa ndi simenti. Mumtima ndinali nditapangana ndekha kuti mtsikana wa mpango wachikasu akabwerera, amayi nawonso abwera. Ndiye ulendo uliwonse ndinkayembekeza kuti mwina lero mpira uchedwa.

Tsiku lina mpira utangotulukira ndinayamba kulira.

"Iwe Tiya, ukulira chiyani? Sanagoletse n'komwe," anatero amalume akuseka.

Agogo anatsitsa magalasi awo. Ankakonda kundiitana mkazi wawo, monga amachitira agogo aamuna posereula ndi adzukulu.

"Mkazi wanga, ndani wakuputa?"

Ndinapukuta misozi. Kenako ndinanong'ona, "Kodi amabwera?"

Agogo sanafunse kuti ndikunena ndani. Anangoti kanemayu poyamba linali sewero la pansanja. Iwo ali mnyamata, akugwira ntchito ya njanji ku Raylton, azungu a kumeneko analichita mu holo yawo, ndipo wokoka chingwe cha katani anali iwowo.

"Ndinalionera ndili m'mbali mpaka kumathero," anatero. "Joni, iwe ndiwe unadya mathero, tenga bulangete ukhale katani."

Amalume anaimirira pakhomo la kuchipinda atatambasula bulangete lotuwa, akung'ung'udza kuti mikono iwawa. Kuseri kunamveka mluzu wa sitima, kenako kutsokomola. Bulangete litagwa, agogo anatulukira atamanga kumutu nsalu yachikasu ya patebulo, ndevu zoyera zili panja, atanyamula chikwama chachikulu cha mizeremizere chimene anthu amabwera nacho kuchokera ku Egoli. Anaimba ndi mawu osasa, Chingerezi chosakaniza ndi Chilapalapa, chiyankhulo cha kuntchito kwawo. Anayesa kuzungulira ngati mtsikana uja, bondo n'kulira, amalume n'kugwa nako kuseka.

Atafika pamene ndinakhala, anagwada movutikira n'kuyamba kutulutsa zinthu zosaoneka m'chikwamamo. Ankatchula chimodzichimodzi: mafuta ophikira, mabisiketi, nsapato za kusukulu.

"Amabwera," anatero akupuma mwabefu. "Njanji yopitira ndi yomweyo yobwerera. Ndakalambira pamenepo, ndikudziwa."

Mtima wanga unakhala pansi. Madzulo amenewo ndinadya mpaka kupempha kuwonjezera, zimene ndinali ndisanachitepo chichokereni amayi.

Amayi anafika Khirisimasi itayandikira, pagalimoto ya amalayitsha, aja onyamula anthu ndi katundu. Anali ataonda, manja atakhakhala ndi sopo wa kwa mabwana awo. Chikwama chinali cha mizeremizere chomwecho, ndipo nsapato zinalimo, zazikulu moti ndinkaikamo mapepala kutsogolo.

Lero ndimakhala ku Cowdray Park, ndili ndi khanda langa. Agogo anatisiya kalekale, kaseti nayo sindikudziwa kumene inathera. Mwezi watha bambo a mwana anandipezera kanema uja pafoni. Ndinaonera masana ndikuyamwitsa, madzi atasiya kutuluka pampopi, ntchito yochapa itaima. Nyimbo zonse ndinazikumbukira, ngakhale mawu amene ndinkaimba ndili mwana sanali Chingerezi cha munthu aliyense.

Sitima itanyamuka, ndinaimitsa kanemayo ndi chala. Ndinaopa kuti mwina agogo anangopeka pofuna kunditonthoza. Ndinakhala choncho foni ili m'manja, mayi wamkulu ndithu, koma ngati mwana wa giredi thu. Kenako ndinadina.

Mtsikana uja anabweradi. Chikwama cha mizeremizere panalibe, nsapato panalibe. Anatsika sitima ndi ambulera ndi mwamuna wina wandevu za pamlomo. Ndinaseka mpaka mwana anasiya bere n'kundiyang'ana.

Masiku ano kanema sadyedwa ndi mpira, ukafuna mathero umangokankha ndi chala. Wanga akadzakula adzaonera yense mosadukiza. Koma tikadzafika pa siteshoni paja ndidzaimitsa, bambo ake agwire bulangete. Nsalu yachikasu ndinagula kale.