Mbaula Pansi pa Njati

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinapsa. Mpaka lero anthu akandifunsa za chipsera cha pakhosi ndi pamkono wangawu ndimangoti ndi moto wa paubwana, nkhani n'kuthera pomwepo. Iwo amaganiza kuti ndinagwera pamoto ndikuotha, monga amachitira ana ambiri kwathu ku Dedza m'miyezi yachisanu. Sizinali choncho ayi. Ine ndinapsa chifukwa cha oyilo wa galimoto, oyilo woti sanathiridwe n'komwe.

Bambo anga, a Benedikito, anali dalaivala pa kachipatala ka asisitere kuseri kwa mapiri, mtunda ndithu kuchokera ku Bembeke. Galimoto ya pachipatalapo inali imodzi yokha m'dera lonselo, yakale, yadizilo, yokoka ndi mateyala onse anayi, yokwera ngakhale malo oti wanjinga amatsika n'kuyamba kukankha. Anthu ankaitchula kuti Njati. Inkanyamula azimayi apakati ndi odwala kupita nawo ku boma, ndipo masiku ena popita inkanyamula wodwala, pobwera maliro.

Bambo ankainyadira Njati kwambiri, koma chimene ankadzitama nacho koposa chinali zala zawo ziwiri, chachikulu ndi chamkombaphala. Asanathire oyilo aliyense mu injini ankayamba aviikamo zalazo, n'kumazitikita pang'onopang'ono atatsinzina, kenako n'kuzilekanitsa kuti aone ngati oyiloyo akunanda. Wolemera, wonanda ngati uchi, ameneyo ndiye anali oyilo. Wina aliyense ankati ndi wonamiza anthu a m'tauni. Pankhani imeneyi bambo anga sankamva za munthu.

Vuto la oyilo wolemera ndi chisanu. Kwathu mu Juni ndi Julaye madzi a m'ndowa amachita kuluma m'manja. Oyilo uja ankagona mu injini n'kulimba ngati phala ladzulo, ndipo m'mawa bambo akapotokola kiyi injini inkangobuula, batire n'kufooka. Kukankha sikunkatheka, chifukwa shedi ya galimotoyo inali kumunsi, m'mphepete mwa dambo, msewu wotulukira uli chitunda chokhachokha. Ndiye bambo anali ndi nzeru yawo. Ankasonkha makala pambaula, makalawo akayaka bwino mbaulayo inkalowetsedwa pansi pa injini kuti oyilo asungunuke.

Wolowetsa mbaulayo ndinali ine. Kwathu tinabadwa atsikana okhaokha, ine woyamba, choncho bambo anandisandutsa mnyamata wawo. Ndinkagona chafufumimba pachiguduli, n'kukwawa mpaka pansi pa mimba ya injini, ndikukupiza makala ndi kachidutswa ka katoni, iwo ali pampando kudikira kuti ayese kuliza. Mayi ankadana nazo kwabasi.

"Bambo a Sitela, mwana wamkazi mpaka kumamugoneka kunsi kwa galimoto ngati nkhuku?"

Bambo ankangoseka. Ine ndinkasangalala, ndisaname. Pansi pa Njati panali pofunda kuposa m'nyumba mwathu, ndipo kusukulu ndinkapita ndikununkha dizilo, ndikudzimva kuti ndine munthu wofunika.

Chaka chimenecho anthu othawa nkhondo ku Mozambique anali atadzaza m'malire, ndipo galimoto za mabungwe owathandiza zinkadutsa kawirikawiri. Asisitere Marita, amene ankayang'anira chipatalacho, mzungu wamtali wochokera kudziko lozizira, anapemphako katoni ya oyilo kwa anthu amenewo. Ndinalipo tsiku limene anabwera nayo kushedi.

"A Benedikito, oyilo uyu ndi wina," anatero m'Chichewa chawo chopindika chija. "Amachita kumupanga mwapadera kufakitale kuti asamalimbe ndi chisanu. Kwathu galimoto zimalira naye ngakhale kunja madzi ataundana. Mbaula ija muisiye tsopano. Ndimachita nayo mantha."

Bambo anatsegula chitini chimodzi n'kuviikamo zala zawo zija. Oyiloyo anali wowala, wopepuka, wooneka ngati mafuta ophikira. Anangoyenderera m'zala mwawo n'kudontha pansi, osananda ngakhale pang'ono.

"Asisitere, awa ndi madzi," anatero akupukuta zala kuthalauza. "Njati ndi nkhalamba. Mukaimwetsa madzi awa atulukira paliponse, injini iuma n'kugwira. Nanga odwala aja muziwabereka kumsana?"

Asisitere ankadziwa mankhwala, osati injini. Anayang'ana bambo, anayang'ana ine, kenako anati, "Dalaivala ndinu," n'kubwerera kuchipatala. Katoni ija inaikidwa pashelefu kuseri kwa teyala lakutha. Chitini chotsegulidwacho bambo anachisandutsa cha tcheni cha njinga yawo, ndipo akamathira ankaseka kuti ntchito ya oyilo wa azungu ndi imeneyi basi.

Mu Julaye, tsiku lina dzuwa lisanalowe, kunyumba kunabwera a Kamwendo. Anali tcheyamani wa chipani m'dera lathu, koma kwa ife anali neba wolima mbatatesi, woimba kwaya limodzi ndi bambo. Sanali munthu woopsa. Anakhala pakhonde chipewa chili m'manja, n'kufotokoza kuti Loweruka ku boma kuli msonkhano waukulu, kukubwera akuluakulu, ndipo Njati ikufunika kuti inyamule azimayi ovina ndi mphatso. Ulendo unali wonyamuka dzuwa lisanatuluke.

"Achimwene, ndikukupemphani, galimoto ikalire," anatero motsitsa mawu. "Ikapanda kulira sadzanena kuti ndi chisanu. Adzati mwakana. Adzayamba ndi inu, kenako ine."

Tonse, ngakhale anafe, tinkadziwa za aphunzitsi ena a pasukulu pathu amene anatengedwa m'kalasi choko chili m'manja, osaonekanso. Masiku amenewo munthu sankafunika kulakwa kuti atengedwe. Zinkangofunika kuti wina aganize kuti walakwa.

Lachisanu masana kunayamba kamphepo kouma kochokera kumapiri, ndipo aliyense anadziwa kuti m'mawa mwake kuzizira koopsa. Mayi anawatsatira bambo kushedi, chinthu chimene sankachita.

"Bwanji osangothira wa Asisitere uja? Kamodzi kokha, mawa lokha."

Ndinkayembekezera kuti bambo aseka. Sanaseke. Anatsitsa chitini china pashelefu, anachitsegula, anaviika zala n'kuzitikita nthawi yaitali. Ndinawayang'ana kumaso ndipo ndinaona chinthu chimene ndinali ndisanachionepo. Bambo anga anali ndi mantha. Kenako anatseka chitinicho n'kuchibwezera pamalo pake.

"Ikakandifera panjira, azimayi a chipani ali m'katimo, ndikanena chiyani? Uyu wakaleyu ndimamudziwa."

Anatulutsa oyilo yense wakuda mu injini n'kuthira watsopano, wolemera uja. Ankathira mofulumira, moti wina anatayikira pachiguduli changa chija. Palibe anachilabadira.

Loweruka kunacha udzu uli mbuu ndi chisanu. Azimayi ovina anali atafika kale, ataima panja pa shedi m'nsalu zawo za chipani, mikono yosavala, mano akugundana. Pambali pawo panali madengu a mazira ndi nkhuku zomangidwa miyendo. Panalibe woimba. Ndinalowetsa mbaula monga mwa masiku onse, ndinakupiza, bambo anapotokola kiyi. Injini inabuula n'kukhala chete. Anadikira, anayesanso, chimodzimodzi. Ndili pansipo ndinkaona mapazi a a Kamwendo akuyenda uku ndi uku pakhomo pa shedi. Kum'mawa kunali kutayamba kufiira.

"Sitela, thamanga ukatenge mbaula ya mayi ako. Uonjezere makala," anatero bambo.

Ndinathamanga n'kubwera nayo ili yoyaka, mayi akunditsatira pambuyo akukalipa.

"Uziike panjerwa, ziyandikire injini," anandiuza bambo.

Ndinasanja njerwa, ndinakweza mbaula zonse ziwiri mpaka kutsala pang'ono kukhudza chitsulo, ndipo ndinakupiza ndi mphamvu zanga zonse. Ndinkaganiza za aphunzitsi aja. Ndinkaganiza kuti ndikakupiza kwambiri bambo anga satengedwa. Kunsi kwa Njati kunali kutamatirira zinyalala za zaka zambiri, udzu, fumbi ndi oyilo wakale, ndipo zinayamba kufuka utsi wakuda. Penapake panadontha dizilo.

Bambo anapotokola kiyi, ndipo injini inalira.

Inalira mwamphamvu, shedi yonse kugwedezeka, azimayi panja n'kuimba nthungululu. Nthawi yomweyo kunsi kunayaka. Moto unagwira chiguduli, unagwira juzi yanga, unakwera kukhosi. Ndinakuwa, koma bambo sankandimva chifukwa cha injini ndi nthungululu zija. Ankaponda mafuta kuti isazime, ndipo ndikukhulupirira kuti ankamwetulira. Ndinafuna kubwerera m'mbuyo koma njerwa zinanditsekereza. Ululu wake sindiukumbukira bwino. Chimene sichichoka m'mphuno mwanga ndi fungo la tsitsi langa likupsa.

Anayamba kuona ndi mayi. Anamenya chitseko cha galimoto ndi manja onse awiri akufuula dzina langa. Bambo anadumpha, analowa kunsi m'kati mwa moto, anandigwira juzi yoyakayo n'kundikokera panja. Analibe nthawi yofuna madzi kapena bulangete. Anazimitsa motowo ndi manja awo, akundipapasa pakhosi, pamkono, m'mutu, osasiya mpaka anthu atawagwira. Kumbuyo kwathu Njati inapsa yonse, pamodzi ndi shedi ndi katoni ija.

Asisitere anatitsuka n'kutimanga mabala, koma anga anali oti ndipite ku boma, ndipo galimoto yonditengera kumeneko inali ikufuka utsi m'dambomo. A Kamwendo anatenga njinga ya bambo, imene inali itatsamira pamtengo panja, n'kupalasa kukapempha galimoto kumishoni yaikulu. Ananena pambuyo pake kuti sanakwerepo njinga yofewa choncho m'chisanu ngati chimene chija. Sankadziwa kuti tcheni chake chinathiridwa chiyani, ndipo mayi sanawauze.

Bambo anatengedwabe kukafunsidwa, manja ali m'mabandeji. Anagona kumeneko masiku angapo. Anawamasula chifukwa a Kamwendo, munthu wamantha uja, anapita yekha kukawauza akuluakuluwo kuti palibe munthu angaotche mwana wake pofuna kukana msonkhano. Ndiye kunena zoona, chimene chinapulumutsa bambo anga ndi khungu langa. Ndinakhala ndi mawu amenewa mumtima zaka zambiri, ndipo anali owawa.

Dzinja la chaka chimenecho kwathu kunalibe galimoto. Azimayi apakati ankanyamulidwa pamachira kudutsa m'matope, ndipo ena sanafike. Anthu sankatinena pamaso, koma kuchitsime mayi akafika nkhani zinkatha. Bambo sanagwirenso chiwongolero. Zala zawo zinapola zitakwinyika, zina zitaphatikana, ndipo khasu lomwe ankaligwira movutikira. Ine ndinawakwiyira, sindibisa. Ndinawakwiyira pamene anzanga ankanditchula kuti Kambaula, ndinawakwiyira pamene ndinkavala malaya otseka khosi mu Okutobala anthu akuchita thukuta. Munthu wouzidwa ndi Asisitere, wouzidwa ndi mkazi wake, n'kusankha kumvera zala.

Nditakula ndinafunsa makaniko wina wa pa Chimbiya za oyilo uja. Anandiuza kuti bambo sananame kwenikweni, injini yakale imatha kumadontha pang'ono ukaithira oyilo wopepuka chotero. Koma anati m'mawa umene uja ikanalira popanda mbaula, ndipo ikanafika ku boma n'kubwerako. Ndinamuthokoza n'kutuluka, ndipo ndinakalirira kuseri kwa golosale.

Koma pali chinthu china chimene mkwiyo unandibisira kwa nthawi yaitali. Nditatuluka m'chipatala, Asisitere analamula kuti zipsera zanga zizipakidwa mafuta m'mawa uliwonse kuti khungu lisakokane. Mayi ankafuna kuti azichita ndi iwo, koma bambo anakana. Ankandikhazika pakhonde dzuwa likangotuluka, ankaviika zala ziwiri zomwe zija m'kabotolo ka mafuta, n'kumandipaka pakhosi pang'onopang'ono. Ndipo tsiku lililonse ankafunsa funso limodzimodzi.

"Ndikukupweteka, mwanawe? Uzindiuza. Ine zala izi sizikumva kanthu."

Ndili mwana ndinkangoyankha kuti ayi, maso ali kumbali. Lero ndine wamkulu kuposa mmene iwo analili nthawi imeneyo, ndipo ndikudziwa kuti bambo anga sanali munthu woipa. Anali munthu wamantha m'masiku amantha, ndipo mantha anawachititsa kukakamira chimene ankachidziwa, chitini chowapulumutsa chili m'manja mwawo chotsegula. Moyo wawo wonse anali asanafunsepo munthu za chinthu choti angathe kuchikhudza okha. Anaphunzira kufunsa zala zitafa, ndipo ankafunsa ine, pakhonde paja, m'mawa uliwonse mpaka ndinachoka pakhomo. Anamwalira ndisanawayankhe bwino ngakhale tsiku limodzi. Yankho lake linali lakuti inde, bambo, munkandipweteka, koma sindinkafuna kuti musiye.